Kuphunzitsa Hatchi ndi Wokwera Wake Kudumpha Zotchinga Popanda Ngozi

Mpikisano wodumpha zotchinga pa hatchi, umene sunasowepo pa masewera a Olimpiki kuyambira mu 1912 ku Stockholm, umachitikira m'bwalo mmene amaimikamo zotchinga za mitengo yopingasa, ndipo hatchi ndi wokwera wake amayenera kuzidumpha motsatizana m'nthawi yoikika. Malinga ndi malamulo a bungwe la FEI loyendetsa masewera a mahatchi padziko lonse, limene linakhazikitsidwa mu 1921 ndipo likulu lake lili ku Lausanne, kugwetsa mtengo kumapatsa wokwera zilango zinayi, chimodzimodzinso hatchi ikakana kudumpha koyamba, koma ikakana kachiwiri, kapena wokwera akagwa, amachotsedwa mu mpikisano. M'mipikisano yaikulu zotchinga zimafika mamita 1.60, ndipo nyama yozidumphayo imalemera makilogalamu 500 kapena kuposerapo, choncho maso a oonerera amathamangira pa kutalikako, chonsecho chimene chimateteza hatchi ndi munthu ndi ntchito ya zaka zambiri yochitikira pansi.

Kakweredwe kamene kamaphunzitsidwa masiku ano kanayamba ndi Federico Caprilli, msilikali wa ku Italy amene anamwalira mu 1907. Kale okwera ankapendekera kumbuyo n'kukoka zingwe podumpha, poganiza kuti akuthandiza hatchi kuterera miyendo yakumbuyo. Caprilli ataonetsetsa mahatchi odumpha opanda munthu pamsana anapeza kuti amaterera miyendo yakutsogolo, ndiponso kuti amatambasula khosi kuti asapepesuke ali m'malere, kotero kuti wokoka zingwe amaipweteka m'kamwa n'kuilanda chida chake chodziwongolera. Iye anaphunzitsa asilikali ku Pinerolo kufupikitsa zopondera, kudzuka pang'ono pa chishalo, kuweramira kutsogolo ndi kulola manja kutsatira mutu wa hatchi.

Hatchi nayo siifulumizitsidwa, chifukwa ngakhale imaoneka yokhwima ikafika zaka zitatu kapena zinayi, msinkhu umene ambiri amayamba kuikwera, mafupa ake a msana amapitiriza kukhwima mpaka zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Poyamba imaphunzira kumvera mwendo ndi dzanja la wokwera, kukhota mosapendekera, ndi kutalikitsa kapena kufupikitsa masitepe ikauzidwa. Kenako mphunzitsi amagoneka mitengo pansi kuti iziilumpha ikuyenda, pambuyo pake amaikweza pang'ono chabe, ndipo chotchinga chake choyamba chimakhala mitengo iwiri yopingasana ngati chilembo cha X, imene imatsika pakati ndipo potero imaikokera hatchiyo pamalo oyenera kudumphira. Ikazolowera, amaiikira zotchinga zazifupi zingapo mu mzere umodzi, kuti iphunzire yokha ponyamukira, ndipo ikalakwitsa chotchinga chimatsitsidwa, sichikwezedwa.

Pano mpamene pagona luso limene anthu akunja saliona. Hatchi yaikulu ikamathamanga liwiro la mpikisano, sitepe yake imodzi imakwana pafupifupi mamita 3.6, ndipo mtunda wa pakati pa zotchinga umayezedwa potengera muyeso umenewu. Ndicho chifukwa chake mpikisano usanayambe okwera amalowa m'bwalo wapansi, atavala kale majombo awo, n'kumayenda kuchokera pa chotchinga china kufika pa chinzake akuwerenga chamumtima: masitepe awiri a potera, anayi a munthu pa sitepe iliyonse ya hatchi, ndi awiri a ponyamukira. Wokwera amene walakwitsa chiwerengerochi amafikitsa hatchi pafupi kwambiri ndi chotchinga, kapena amainyamutsa ili kutali, ndipo ngozi zambiri zimayambira pamenepo. Kuwonjezera apo, maso a hatchi ali m'mbali mwa mutu, moti chimene chili pansi penipeni pa mphuno yake siichiona, ndipo pa sitepe yomaliza imadalira zimene yaona kale ndi chikhulupiriro chake mwa munthu ali pamsanayo.

Hatchi yomwe inkadumpha bwino ikayamba kukana, mphunzitsi wanzeru amaitanitsa dokotala wa ziweto asanagwire chikwapu, popeza kawirikawiri gwero lake limakhala ululu wa msana, mano, ziboda, kapena chishalo chosakhala bwino. Potera, thupi lonse limatsamira kwa kanthawi pa mwendo umodzi wakutsogolo, ndipo mitsempha ya kuseri kwa mwendowo ikavulala imatenga miyezi yambiri kuti ipole. Pa chifukwa ichi mahatchi a mpikisano sadumpha tsiku lililonse, ndipo bwalo limathiridwa mchenga wosalazidwa bwino, wosauma gwa komanso wosatitimira. Alipo anthu ofuna chidule amene amamenya miyendo ya hatchi ndi mtengo ili m'malere, kapena kuipaka mankhwala oyabwa, kuti iziopa kukhudza chotchinga. FEI imaletsa zonsezi, ndipo pa Olimpiki ya 2008, imene mipikisano yake ya mahatchi inachitikira ku Hong Kong, dziko la Norway linalandidwa mendulo ya malo achitatu imodzi mwa mahatchi ake itapezeka ndi mankhwala a capsaicin, amene ndi omwe aja amachititsa tsabola kuwawa.

Wophunzira kukwera amapatsidwa hatchi yachikulire yodziwa kale ntchito, chifukwa kuphatikiza munthu wosadziwa ndi hatchi yosadziwa n'kuputa ngozi dala. Amayamba akuzungulira mphunzitsi amene wagwira hatchiyo ndi chingwe chachitali, nthawi zina popanda zopondera kapena zingwe m'manja, kufikira ataphunzira kukhazikika ndi thupi lake m'malo mokolekera m'kamwa mwa nyamayo. Chipewa cholimba chomanga pachibwano n'chokakamiza, ndipo kuyambira mu 2021 lamulo la FEI limafuna kuti chivalidwe ngakhale m'mipikisano imene kale inkalola zipewa wamba. Chikamenyetseka pansi chimatayidwa ngakhale chioneke chabwino kunja. Majombo amakhala ndi chidendene kuti phazi lisalowerere m'chopondera munthu n'kukokedwa pansi. Mitengo ya zotchinga imakhala pa tizitsulo tosaya kuti igwe ikangogundidwa, ndipo mbendera yofiira kumanja ndi yoyera kumanzere zimauza aliyense mbali yolowera, zimene zimapewetsa kuwombana m'bwalo lokonzekerera mmene mahatchi amakhala ambirimbiri.

Zimene zimachitika munthu ndi hatchi akakhala osadziwana zinaonekera poyera pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, mu mpikisano wa masewera asanu wotchedwa modern pentathlon, mmene opikisana ankapatsidwa mahatchi achilendo mwa maere, n'kukhala nawo mphindi 20 zokha asanalowe m'bwalo. Annika Schleu wa ku Germany, amene ankatsogola, analephera kuyendetsa hatchi yotchedwa Saint Boy, imene inachita mantha n'kukana, ndipo mphunzitsi wake anachotsedwa pa masewerawo ataimenya ndi chibakera. Mlandu sunali wa hatchiyo, koma wa dongosolo loyembekezera kuti mgwirizano umene ena amaumanga kwa zaka upezeke m'mphindi zowerengeka. Chaka chomwecho bungwe loyendetsa masewerawo linagamula zochotsa mahatchi, ndipo Olimpiki ya ku Paris mu 2024 inali yomaliza kukhala ndi mahatchi mu mpikisano umenewu.