Holo ilipo, koma akuidziwa ndani?

Chaka chatha abwana anga anandituma kuti ndipeze malo ochitira msonkhano wa masiku awiri wa anthu 120. Mahotela a kunyanja, ku Mangochi ndi ku Salima, atanditumizira mitengo ndinangoti kakasi.

Kenako ndinakumbukira holo ya payunivesite ina, yomwe patchuthi imangokhala chitsekere, akangaude okha akusangalalamo. Ndinaimba foni. Woyankha anati ndifunse ku ofesi ya zachuma. Kumeneko anati ndilembe kalata. Kalatayo ndinalemba, koma yankho linabwera patatha masabata atatu, ife titalipira kale kwina.

Zinandiwawa, chifukwa malo abwino mayunivesite athu ali nawo. Ku Zomba, UNIMA ili ndi Great Hall, momwe anthu zikwizikwi alandiriramo madigiri. MUBAS ndi KUHeS, zomwe zinaima pazokha mu 2021, zili mumzinda wa Blantyre momwemo. MUST ili ku Thyolo, kutali ndi phokoso la m'tauni. Payunivesite, holo, zipinda zokambirana m'magulu, kodyera ndi mahositelo zimakhala pamodzi, ndiye ndalama ya basi yotuta anthu m'mawa ndi madzulo imapulumuka.

Koma malonda ndi m'maso. Wokonza msonkhano amafuna adziwe lero lomwe: mipando ilipo ingati? Tsiku limodzi ndi zingati? Magetsi akathima, jenereta ilipo? Intaneti ikufika mpaka kumbuyo? M'zimbudzi madzi akutuluka? Woyenda panjinga ya aulumali alowera pati?

Mayankho onsewa atha kukwana patsamba limodzi la Facebook, pamodzi ndi zithunzi zenizeni, kalendala yoonetsa masiku omwe holo ili ndi mpata, komanso nambala imodzi ya WhatsApp yomwe ukalemba munthu amayankhadi. Amipingo, amabungwe ndi makomiti a ukwati amauzana okha. Mmodzi akasangalala, mawa akubweretserani mnzake.

Pofunika kusamala ndi apa: eni malowo ndi ophunzira. Zimkuzamawu za ukwati sabata ya mayeso, ayi ndithu. Nyengo yokolola ndi patchuthi, ndipo ndalama yake ioneke pomwepo, pokonza mipando yothyoka ndi mipope yodontha.

Inu amene digiri ili m'sutikesi koma foni yanu imajambula bwino, ntchito ndi imeneyi. Lembani mafunso 6 aja papepala, mukagogode payunivesite yomwe muli nayo pafupi, mukawauze kuti holo yawo mutha kuipezera makasitomala.