Kuyesa Galasi la Kanema Ndalama Isanatuluke M'thumba

Pachipata cha Mwanza, pamene Malaŵi amachita malire ndi Mozambique moyang'anana ndi Zobue, pamadutsa mabasi ndi magalimoto akuluakulu ochokera ku Johannesburg. Ulendo wawo umadzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, ndipo pakati pa katundu amene amasenza pamakhala makatoni a mawailesi a kanema, makompyuta ndi mafoni. Zambiri mwa zinthuzi ndi thukuta la miyezi yambiri la ana a dziko lino ogwira ntchito ku Joni. Tsoka lake ndi lakuti munthu akazindikira chilema pa galasi atafika kale kwawo, sitolo imene anagulako imakhala itatsala kuseri kwa malire atatu. Nkhani ya lero ikufotokoza mmene wogula angayesere galasi ndi maso ake okha, popanda makina a mmisiri.

Chithunzi cha pa galasi la makono chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono timene amisiri amatitcha mapikiselo. Kadontho kalikonse kali ndi tizigawo titatu: kofiira, kobiriŵira ndi ka buluu. Titatuti tikaŵala pamodzi diso limaona kuyera, tikazima limaona mdima, ndipo kofiira ndi kobiriŵira tikaŵala tokha pamabadwa chikasu. Galasi lolembedwa Full HD lili ndi timadontho 1,920 m'mbali ndi 1,080 choimirira. Tonse pamodzi ndi 2,073,600, ndipo tizigawo take ndi 6,220,800. Pa unyinji wotere nzosadabwitsa kuti kena kangatuluke m'fakitale kali kolumala.

Zilema za timadontho zili mitundu iŵiri yodziŵika. Kena kamafa, nkumaoneka ngati kachitsotso kakuda kosasuntha. Kena kamakanirira pa mtundu umodzi, nkumaŵala mofiira kapena mobiriŵira ngakhale chithunzi chisinthe chotani. Kokanirira nthaŵi zina kamachira kakaonetsedwa mitundu yosinthasintha mofulumira, koma kakufa sikadzuka, ndipo kukanikiza galasi ndi chala poyesa kukadzutsa kungaononge tinzake toyandikana nako.

Omvera ayenera kudziŵa kuti si sitolo iliyonse imene ingasinthe katundu chifukwa cha kadontho kamodzi. M'chaka cha 2001 bungwe la miyeso la dziko lonse la ISO linakhazikitsa muyeso wotchedwa ISO 13406-2, umene unagaŵa magalasi m'magulu. Gulu lachiŵiri, limene makampani ambiri analitsata, linkalola timadontho tiŵiri toŵala, tiŵiri takufa ndi tizigawo tisanu tolakwika pa timadontho miliyoni imodzi. Muyesowo unaloŵedwa m'malo ndi wina m'chaka cha 2008, koma mwambo wolola zilema zoŵerengeka ukadalipo. Motero wogula afunsiretu kuti wogulitsa adzalandira dandaulo pa zilema zingati, ndipo yankholo lilembedwe pa lisiti. Safunsa anadya phula.

Kuyesa kwenikweni nkosavuta. Wogula akonzeretu pa fulashi zithunzi zisanu ndi chimodzi zopanda chojambula chilichonse, chilichonse cha mtundu umodzi wokha: chakuda, choyera, chofiira, chobiriŵira, cha buluu ndi chotuŵa. Ayambe wapukuta galasi ndi nsalu yofeŵa youma, pakuti fumbi la pa msewu wa Tete limanamiza ngati kadontho kakufa. Kenaka aonetse zithunzizo chimodzichimodzi, chitadzaza galasi lonse, iye ataima pafupi, ndipo maso ayende mzere ndi mzere monga mlimi woyendera mbewu zake, osaiŵala m'ngodya. Pa choyera pamaonekera takufa. Pa chakuda pamaonekera tokanirira. Pa chofiira, chobiriŵira ndi cha buluu pamaululika kagawo kamene kafa kokha pamene tinzake tiŵiri tili moyo. Ntchitoyi siifuna phuma. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Chithunzi chakuda chiyesedwe pa malo a mdima pang'ono. Magalasi a LCD amaunikiridwa ndi nyale zakumbuyo, kotero kuŵala pang'ono m'mphepete sikodetsa nkhaŵa, koma zigamba zazikulu zoyera ndi chilema. Chithunzi chotuŵa chimathandiza pa mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito, makamaka a galasi la OLED, amene amasunga zipsera za zizindikiro zimene zinakhalitsa pa malo amodzi. Choopsa kuposa zonse ndi mzere wodutsa galasi lonse, kapena banga lofanana ndi inki yotayika. Zoterezi zimasonyeza kuti galasi lenilenilo kapena tinsambo take taonongeka, ndipo mtengo wosinthira kaŵirikaŵiri umayandikira wa wailesi yatsopano.

Timadontho tikapezeka kuti ntamoyo, funso lotsatira ndi la mitundu. Nkhaŵa imeneyi ndi yakale pakati pa oulutsa kanema. Bungwe la BBC linayamba kuonetsa chithunzi chake choyesera chotchedwa Test Card F m'chaka cha 1967, ndipo kampani ya Philips inapanga chithunzi cha PM5544, cha bwalo pakati, chimene maiko ambiri anachigwiritsa ntchito. Ku South Africa kanema anayamba kuulutsidwa m'dziko lonse mu 1976, pamene kuno Television Malawi inayamba pa 1 Epulo 1999. Chida chimene amisiri a nyumba zoterezi amadalira ndi mizere isanu ndi itatu yoimirira: woyera, wachikasu, wa buluu wotumbuluka, wobiriŵira, wofiirira ngati duŵa, wofiira, wa buluu ndi wakuda. Pa galasi labwino mzere uliwonse umasiyana bwino ndi unzake, ndipo umakhala wofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi.

M'masitolo mawailesi amaikidwa dala pa Vivid kapena Dynamic kuti akope maso. Wogula apemphe rimoti, asinthire ku Standard kapena Movie, ndipo aone zinthu zimene amadziŵa maonekedwe ake. Munthu wa ku Mwanza safuna kuphunzitsidwa mtundu wa nachesi lakupsa: likaoneka lofiira ngati phwetekere kapena lotumbuluka ngati ndimu, galasilo likunama. Mbendera ya dziko lino ionetse kuda, kufiira ndi kubiriŵira kwake molongosoka, ndipo khungu la munthu lisaoneke lobiriŵira kapena ngati lopakidwa phulusa. Kuyera koyenera kumafanana ndi kwa pepala loyera masana. Amisiri amakutcha D65. Chithunzi chotuŵa chija chisapendekere ku buluu kapena ku chikasu. Ndi bwinonso kuona galasi chammbali, popeza pa banja kapena pa malo oonetsera mpira si onse amene amakhala kutsogolo kwenikweni. Pali anthu ena, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriŵira, vuto limene dokotala wa ku Japan, Shinobu Ishihara, analipangira njira yoyesera m'chaka cha 1917. Nchifukwa chake maso a anthu aŵiri amaposa a mmodzi.

Potsiriza, galasi liyesedwe kaŵiri. Koyamba ndi kumene likugulidwa, ndipo wogula alijambule pa foni lili loyaka. Kachiŵiri ndi pamene lafika, wonyamula katundu asanalandire malipiro ake omaliza. Pa ulendo wailesi iime chilili m'katoni mwake, isagonekedwe pansi pa zikwama. Kukachitika motero, chilema chikapezeka zimadziŵika ngati chinachokera ku sitolo kapena chinabadwira pa msewu, ndipo wotumiza, wonyamula ndi wolandira sakangana pa zongoganizira.