CHIMBUDZI CHIKHOZA KUTICHENJEZA ZA MLIRI

Ambiri a ife tikukumbukirabe m'mene sukulu zonse m'Malawi muno zinatsekedwera pa 23 Malichi, 2020 chifukwa cha mliri wa COVID-19. Choopsa pa matendawa chinali chakuti munthu ankatha kukhala ndi kachirombo koma osatsokomola kapena kutentha thupi, n'kumangopatsira anzake. Pamalo ngati pathu pano, pomwe timagona, kudya ndi kupemphera pamodzi, munthu mmodzi wotere akhoza kudwalitsa seminale yonse. Nanga tingamudziwe bwanji pamene iye mwini sakudziwa kuti akudwala?

Sukulu zina za ukachenjede ku America zinapeza yankho kumalo kumene ambiri sitifuna n'kuyang'anako komwe, ndiko ku mipope yotulutsa nyansi za m'chimbudzi.

Nzeru yake ndi iyi. Kachirombo kakalowa m'thupi kamaswana, ndipo anthu ambiri amene akatenga amatulutsa tizidutswa take podzithandiza. Zimenezi zimachitika ngakhale munthuyo asanayambe kumva kupweteka kulikonse. Tsono wodwala akhoza kuzemba kuchipatala, koma kuchimbudzi sangazembeko. Akatswiri amatsegula chivundikiro cha mpope wochokera ku nyumba yogona ophunzira, natunga madzi pang'ono m'botolo. Ku labotale amawasefa, kenaka amawayeza ndi njira yotchedwa PCR, imene imachulukitsa tizidutswa tija kambirimbiri mpaka makina atatizindikira. Motero botolo limodzi limanena za anthu onse ogona m'nyumbamo.

Chitsanzo chodziwika ndi cha ku University of Arizona, mu mzinda wa Tucson. Mu Ogasiti 2020, ophunzira atangofika kumene, gulu la Pulofesa Ian Pepper linapeza kachiromboka m'madzi ochokera ku nyumba yotchedwa Likins Hall. Mwamsanga akuluakulu anayeza anthu onse 311 okhala ndi ogwira ntchito m'nyumbamo, ndipo anapeza ophunzira awiri ali ndi kachirombo koma opanda zizindikiro. Awiriwa anawaika kwaokha. Akanadikira kuti wina ayambe watsokomola, bwenzi matendawo atafalikira kale.

Komabe tisaganize kuti njirayi imatha zonse. Madziwo satchula dzina la munthu. Amangonena kuti m'nyumba yakutiyakuti muli matenda. Pafunikabe kuyeza aliyense payekha. Chinanso, munthu amene wachira amatha kupitiriza kutulutsa tizidutswa tija kwa masabata angapo, ndipo mlendo wongodutsa atha kuchititsa kuti nyumba iganiziridwe pachabe. Njirayi imayendanso bwino pomwe zimbudzi n'zamadzi ndipo mipope yake ikukumana malo amodzi. Pomwe pali zimbudzi zokumba, ntchitoyi ndi yovutirapo.

Kwathu kuno nzeruyi si yachilendo ayi. Matenda a poliyo atapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, azaumoyo anayamba kuyeza madzi a nyansi m'mizinda yathu ikuluikulu pofuna kudziwa ngati kachirombo ka poliyo kakuyendabe pakati pathu.

Ife aseminale tiphunzirepo chiyani? Onani kuti ophunzira awiri aja sanalakwe kanthu, ndipo polola kukhala kwaokha anateteza anzawo oposa 300. Tikamakhala pamodzi, thanzi la mmodzi limakhudza onse. Kotero ukamva m'thupi mosakhala bwino, usabise poopa kuphonya mpira kapena mayeso. Kauze abambo oyang'anira odwala msanga. Usambe m'manja ndi sopo pochoka kuchimbudzi, ndipo ikafika nthawi yako yotsuka zimbudzi, uigwire ntchitoyo ndi mtima wonse. Inunso makolo, mwana akadwala patchuthi, chonde dziwitsani Bambo Rekitala asanabwerere kuno. Kusamala moyo wa mnzako ndi mbali ina ya lamulo lija lokonda mnzako monga udzikondera iwe mwini.