Woombeza amene amadziwa dzina lanu

Mawu otsogolera: Machitidwe a Atumwi 16:16-24

Mumzinda wa Filipi munali mtsikana wina, kapolo, amene ankalosera anthu zam'tsogolo. Luka, polemba nkhaniyi, sanatiuze ngati anthu opita kukaombezetsa kwa iye ankathandizikadi. Chimene anatsindika n'chakuti ambuye a mtsikanayo ankapeza naye ndalama zochuluka. Ndipo Paulo atautulutsa mzimu uja, amene anapsa mtima anali eni malondawo, poona kuti chitsime cha phindu lawo chauma. Ndiwo anakokera Paulo ndi Sila kubwalo la oweruza, kumene anakwapulidwa ndi kuponyedwa m'ndende.

Abale ndi alongo, malonda a ku Filipi aja sanathe. Kuyambira mu 1994 kufikira mu 2014, anthu mamiliyoni a ku America ankalandira makalata papositi ochokera kwa mayi wina wa ku France, Maria Duval, yemwe ankatchuka kuti amaona zobisika. Kalata iliyonse inkatchula dzina la woilandira kambirimbiri, ngati kuti mayiyo wagona usiku wonse akuganizira za iye yekha. Inkanena kuti mwayi waukulu wa chuma wayandikira, koma pali mdima wina umene ukuutsekereza, ndipo mdimawo uchoka munthu akatumiza kangachepe. Ena ankapemphedwanso kutumiza tsitsi lawo, chithunzi chawo, kapena chidindo cha chikhatho chawo.

Bwalo la milandu la ku New York linamva kuti mayi Duval sankalemba makalatawo, ndipo mayankho sankafika m'manja mwawo. Ankafikira kwa antchito olembedwa ganyu, amene ankang'amba emvulopu ndi kuchotsamo ndalama. Zithumwa zimene anthu ankalandira zinali tizinthu totchipa togula pikulitsa. Mwini ntchito yonseyi anali Patrice Runner, mkulu wa kampani ya Infogest Direct Marketing ya ku Montreal, m'dziko la Canada. Anamugwira ku Spain, anamupeza wolakwa mu 2023, ndipo mu 2024 anamulamula kukhala kundende zaka 10. Boma la America linati anabera anthu oposa 1.3 miliyoni ndalama zopitirira madola 175 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo anali okalamba ndi anthu osowa pogwira. Atolankhani awiri a CNN, Blake Ellis ndi Melanie Hicken, atafufuza, anapeza kuti mayi Duval analipodi, ankakhala m'mudzi wa Callas kummwera kwa France, koma dzina lawo linali litasanduka katundu wogulitsa m'manja mwa amalonda. Kumbuyo kwa woombeza kunali ambuye ake, monga ku Filipi.

Wina anganene kuti izi ndi za Azungu, pakuti kwa Mfumu Yaikulu Kuntumanji, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, ndi mabanja angati amene ali ndi bokosi kupositi? Zoonadi ndi ochepa. Koma kalata ija inangovula emvulopu. Lero imafika pafoni ya m'manja, ngati uthenga waufupi kapena wa pa WhatsApp. Imafikanso ngati kapepala komatidwa pamtengo wa magetsi pamsika wa Songani kapena kudepoti ya Zomba, kolonjeza kubweza wachikondi wothawa, kuchulukitsa ndalama, kupambanitsa mlandu, kupezetsa ntchito ku Joni. Pamapepala otere simupezapo mudzi wa sing'angayo kapena dzina la mfumu yake. Pamakhala nambala ya foni basi.

Anthu a kunyanja amadziwa kusatsimikizika kwa mawa kuposa ambiri a ife. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphweranso kwambiri mu 2018, mabwato n'kutsala ali gwaa pamatope ong'aluka. Mu 2023 namondwe wa Freddy anabweretsa vuto la mtundu wina, madzi osefukira m'minda ndi m'nyumba za kuchigawo cha kummwera. Msodzi amene chaka chino wapha matemba odzaza madengu sadziwa ngati chaka chamawa adzaponya khoka. Mlimi wa mpunga amadzala osadziwa ngati madzi adzachepa kapena adzamiza zonse. Mayi amene mwana wake anapita ku South Africa, ndipo patha miyezi osaimba foni, sagona tulo. Munthu wotere akalandira uthenga wonena kuti "ndakuonani m'masomphenya, vuto lanu ndikulidziwa," sitingamuseke akauwerenga kawiri. Akathyali amadziwa kuti mantha ndiwo amamasula mfundo ya pachitenje.

Tiyeni tione mmene msamphawu umatcheredwera, pakuti mulibe matsenga alionse. Tiyerekeze kuti munthu watumiza uthenga umodzimodzi kwa anthu 1,000, wonena kuti m'banja mwanu muli matenda osamvetsetseka ndiponso pali wachibale amene sakukufunirani zabwino. Mwa anthu 1,000, ndi angati amene alibe wodwala kapena wachibale amene anasemphana naye chichewa? Ambiri adzangoufufuta. Koma ngakhale atayankha 20 okha, wakubayo wapeza kale phindu, chifukwa uthengawo sunamudyere ndalama zambiri. Ndipo 20 amenewo aliyense adzakhulupirira kuti woombezayo waona za iye yekha. Pokambirana pafoni, wobedwayo ndiye amaulula yekha dzina la mwana wodwala, dzina la mlamu amene anakangana naye za munda, ndipo mawa lake zomwezo zimabwezedwa kwa iye ngati vumbulutso.

Kenaka pamabwera chipondamthengo. Kale chipondamthengo chinali kanthu kochepa kopereka pamaso ndi pamaso kwa munthu wodziwika m'mudzi. Cha masiku ano chimatumizidwa pa Mpamba kapena pa Airtel Money kwa munthu amene nkhope yake simunaione. Mukatumiza, mawa mumva kuti pakufunika mbuzi yakuda. Mkuja mumva kuti mizimu yakana mbuziyo. Mukayamba kukayika, mawu okoma aja amasanduka oopseza: mukasiya ntchito ili pakati muchita misala, kapena mwana wanu afa. Ndipo nambala imene yalipirapo kamodzi imasungidwa bwino. Ku America, aliyense amene anayankha kalata yoyamba ya Duval ankalandira makalata ena ambirimbiri opempha ndalama zina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pano tiyenera kunena mwachilungamo kuti sitikunena za agogo a m'mudzi odziwa mizu ya m'mimba, amene aliyense amadziwa khomo lawo ndipo akalakwitsa amakayankha kubwalo la amfumu. Tikunena za munthu wopanda nkhope amene amagulitsa mawa.

Kutaya ndalama kumapweteka, koma pali china chimene chimatidetsa nkhawa koposa. Woombeza wachinyengo amafuna mdani woti amuloze, chifukwa popanda mdani palibe chotsirika. Ndipo chala chake kawirikawiri chimagwera pa nkhalamba. Dziko lino silinaiwale za mu Januwale 2016, pamene anthu anayi okalamba anaphedwa m'boma la Neno powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Munthu amene wakhala kutali ndi foni m'manja angathe kuyatsa moto pakati pa mwana ndi make, iye n'kukatapa ndalama kwa ejenti, osadziwa ngakhale kumene kuli mudziwo.

Malamulo a dziko lino sanangokhala chete. Kupeza ndalama mwachinyengo ndi mlandu. Lamulo la za ufiti la mu 1911, ngakhale ambiri amalidandaula kuti ndi la atsamunda, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mu Juni 2016, pa nthawi imene anthu achialubino ankaphedwa mwankhanza, woweruza Dingiswayo Madise wa kubwalo lalikulu la milandu ku Mzuzu anapereka chiletso kwa oombeza ndi ogulitsa zithumwa, naletsanso nyumba zofalitsa nkhani kulengeza malonda awo. Mu 2018 manambala onse a foni analembetsedwa m'kaundula motsogozedwa ndi bungwe la MACRA. Komabe mu 2023 bungwe lomwelo linati Amalawi ankaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'chinyengo cha pafoni, ndipo apolisi akhala akupeza kuti mauthenga ena achinyengo amachokera kwa akaidi a m'ndende yaikulu ya Zomba, m'boma lomwelo limene muli Kuntumanji. Munthu amene akuti akuona tsogolo lanu angakhale kuti iye mwini sakuona ngakhale kunja kwa mpanda.

Sitingamalize kuloza kunja tisanayang'ane m'nyumba mwathu. Ena mwa mauthengawa masiku ano sabweranso m'dzina la sing'anga. Amabwera m'dzina la mneneri kapena mtumwi, ndi vesi pamwamba pake, kupempha "mbewu" kuti ulosi utsegulidwe. Kachitidwe kake n'kamodzimodzi: lonjezo, mtengo wake, kenaka kuopseza. Pa Machitidwe 8 timawerenga za Simoni wa ku Samariya amene anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, ndipo Petro anamudzudzula kolimba. Ngati kugula kunali kolakwa, kugulitsa kungakhale bwanji kolungama? Deuteronomo 18 analetsa kale ana a Israyeli kufunsira kwa oombeza, ndipo kuika mtanda pamwamba pa kalata sikusintha chimene chili m'kati mwake.

Chida chachikulu cha anthu amenewa ndi chinsinsi. Nthawi zonse amati musauze aliyense, mankhwala angasuluke. Mfumu Sauli, popita kwa mkazi wobwebweta wa ku Endori pa 1 Samueli 28, anapita usiku atadzisintha zovala. Mkhristu amene wabedwa motere amachita manyazi pawiri: kuti wapusitsidwa, ndiponso kuti abusa ndi anzake a kumphakati kapena kumvano adziwa kumene anakafuna thandizo. Choncho amapitiriza kulipira mwakachetechete mpaka thumba la mpunga lomaliza. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mpingo umene umathamangira kudula munthu wotere usanamumve ukuthandiza wakuba uja, chifukwa wotsatira wake sadzaulula konse.

Uthenga wotere ukafika, musauyankhe, ngakhale kuyankha kokana, popeza yankho lililonse limamuuza wakubayo kuti nambalayo ili ndi mwini wake amene amawerenga. Auonetseni akunyumba kwanu kapena mkulu wa mpingo tsiku lomwelo. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money siperekedwa kwa munthu aliyense, ndipo chiphaso cha unzika sichibwereketsedwa kuti wina akalembetsere nambala yake, chifukwa apolisi akadzalondola adzafika pakhomo panu. Ana ndi adzukulu amene mumawerengera makolo mauthenga a pafoni, muli ndi udindo waukulu kuposa mmene mumaganizira. Muziwafunsa mwaulemu agogo mukaona akupita kwa ejenti kawirikawiri.

Ngati ndalama zapita kale, musafufute kalikonse. Sungani mauthenga onse, nambala imene munatumizako, tsiku lake ndi kuchuluka kwa ndalamazo. Imbirani kampani ya foni mwamsanga, ndalama zisanatapidwe, kenaka kaneneni kupolisi imene muli nayo pafupi. Ndipo pakadzabwera foni ina, ya munthu wolonjeza kukubwezerani zimene munaberedwa mukangolipira kangachepe, dziwani kuti kawirikawiri ndi anthu omwe aja, angosintha nambala ndi mawu.