Mapiri Amene Anthu Awaopa

Abale athu, tikachoka ku Mzuzu kudzera ku Rumphi, tifika pa Nyika, pamene phiri la Nganda lipitirira mamita 2,600. Kumeneko kuli kanyanja ka Kaulime, kamene makolo ankakaopa, naponyamo mikanda yoyera popempha mvula.

Kutali ku Tibet kulinso phiri la Kailash. Ahindu ndi Abuda salikwera konse, koma alizungulira wapansi, mtunda wa makilomita 52, napemphera m'akachisi a m'njira. Taonani, anthu osadziwana, koma mantha awo ndi amodzi!

Tsono inu anyamata opita kukaona malo otere, musamapokosera kapena kutayapo zinyalala. Yambani mwafunsa akulu a pamalopo, pakuti chimene eni achiopa, mlendo sachiseka.