Galu Waukali Ayamba Kuluma Ana a Pakhomo

Nyumba za ku Wusakile zinamangidwira anchito a pa mgodi wa Nkana, ndipo amene anazimanga sanali kuganizira za agalu amphamvu. Mabwalo ndi aang'ono, nyumba zili pafupi-pafupi, ndipo ana amalowa pa mpanda wa mnansi monga kwawo. Koma kuopa akawalala kwacititsa mabanja ena kufuna galu amene dzina lake lokha liopsa: bull terrier, Staffordshire kapena pit bull.

Agalu amenewa anacokera ku England, kumene anthu anakweretsa bulldog ndi terrier kuti apeze galu wolimba pa ndeu. Masewera omenyanitsa nyama analetsedwa kumeneko mu 1835, ndipo m'zaka za m'ma 1860 James Hinks wa ku Birmingham anayamba kuweta bull terrier woyera wa pa cionetsero. Ngakhale n'tero mphamvu za makolo ake zikali m'magazi, ndiye cifukwa cake Britain inaika lamulo lokhwima pa pit bull mu 1991. Zakuti nsagwada zake zimakhoma ngati loko si zoona. Coona n'cakuti akagwira sataya msanga, amagwedeza mutu, ndipo cilonda cake cimakhala cakuya.

Vuto lalikulu lili pa kaleredwe. Ambiri akhulupirira kuti galu akhala mlonda wabwino ngati atsekeredwa m'kakhola ka mdima usana wonse, kumangidwa pa unyolo waufupi, kumenyedwa, kapena kuthiriridwa tsabola m'cakudya. Galu wotere amakaliphadi, koma ndi ukali wa mantha. Sadziwa kusiyanitsa mbala ndi mwana amene wabwera kudzatola mpira. Mbala ingabwere kamodzi pa caka, mwina osabwera konse, pamene mwana ali pabwalo tsiku lililonse, ndipo nkhope yake ili pa msinkhu wa kamwa la galu.

Kuphunzitsa kuyambe kagalu kasanakwanitse miyezi 4. Pa nthawi imeneyi kazolowere kugwiridwa makutu ndi mapazi, kuona alendo, ana, nkhuku ndi njinga. Mau oyamba akhale ocepa: khala, bwera, siya. Mau akuti "siya" ndiwo ofunika koposa pa galu wa mtundu uwu, ndipo aphunzitsidwa mwa kumpatsa kanyama pamene wataya cimene wagwira. Mphindi 10 kawiri pa tsiku zikwanira. Bull terrier ndi wouma mutu, koma ndodo imangomuumitsa mutu koposa. Afunikanso kuyenda naye pa cingwe m'mawa ndi madzulo, cifukwa akatopa ndi kukhala amayamba kutafuna zitseko ndi kukumba pansi pa mpanda. Mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi galu, ngakhale wofatsa motani, makamaka pamene akudya.

Ubweya wake ndi waufupi, motero kuupesa kamodzi pa mlungu n'kokwanira, ndipo kumsambika kawiri-kawiri kumaumitsa khungu. Woyera amapsa ndi dzuwa pa mphuno ndi m'makutu, conco m'mwezi wa October asasowe mthunzi ndi madzi. Ena mwa oyerawa amabadwa ogontha. Galu amene satembenuka mukaomba m'manja kumbuyo kwake musamuyese wamwano. Nkhupakupa zimabisala m'makutu ndi pakati pa zala, ndipo zimabweretsa matenda othetsa magazi: galu amafooka, nkhama zimayera. Mphere si yopaka oilo wakale wa galimoto, monga acitira ena. Oiloyo amaocha khungu ndipo galu akamanyambita amadya poizoni. Mankhwala a njoka za m'mimba apatsidwe miyezi 3 iliyonse, popeza mazira a njokazo amatsala m'dothi mmene ana aseweramo. Nsima yokha siikwanira. Muikemo kapenta, mazira kapena nyama, koma osati mafupa ophika a nkhuku.

Coopsa kuposa mano ndi ciwewe. Bungwe la World Health Organization linena kuti matendawa amapha anthu pafupi-fupi 59,000 pa caka, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo 4 mwa anthu 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikaoneka palibenso mankhwala. Lamulo la Control of Dogs Act muno mu Zambia lifuna kuti galu alembetsedwe ndi kulandira katemera. Kagalu kalandire nyeleti yoyamba pa miyezi 3 kwa madokotala a ziweto, ndi kubwereza caka ciliconse. Cikalata ca katemera cisungidwe bwino, pakuti ndico cidzafunsidwa tsiku limene galu waluma munthu.

Wolumidwa atsuke cilonda ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, asapakepo phulusa kapena ubweya wa galuyo, ndipo apite ku kiliniki kapena ku Kitwe Teaching Hospital tsiku lomwelo. Katemera wa munthu ndi nyeleti zingapo pa masiku osiyana, ndipo zonse zitsirizidwe ngakhale cilonda capola. Galuyo asaphedwe msanga; atsekeredwe masiku 10 kuti a ziweto amuone.