Ndodo ya Giya Ikayamba Kugwedera: Za Mabushi a Galimoto ya Pamunda

Nyengo yokolola ikayandikira maganizo athu amakhala pa matumba, pa mankhwala oteteza chimanga kwa anankafumbwe ndi pa mtengo umene bungwe la FRA lidzalengeze. Galimoto yodzanyamula zokololazo timaikumbukira m'mawa wa tsiku la ulendo. Ena mwa inu amene munatsiriza maphunziro muli kale ndi vaneti kapena Canter yanu, ena mumabwereka kwa abale, ndipo enanso mumayendetsa ya gulu la alimi. Nonsenu nkhani ino ikukukhudzani. Tikufuna tikambirane za tizipangizo ting'onoting'ono totchedwa mabushi, timene timagwira ndodo ya giya ndi giyabokosi.

Chaka chatha ndodo ya giya ya vaneti yathu ya pano pasukulu inayamba kuzungulira ngati mthiko mumphika. Woyendetsa ankachita kusakasaka giya yachiwiri, ndipo nthawi zina ankagwera mu yachinayi. Tinaganiza kuti giyabokosi yatha, mpaka tinayamba kuwerengera ndalama zokagulira ina ku Lusaka. Makaniko atazula ndodoyo anatola tizidutswa ta pulasitiki tosadzaza n'chikhatho chomwe. Giyabokosi inali yabwinobwino; chinatha chinali bushi basi.

Bushi n'chiyani?

Bushi ndi kachipangizo ka mphira, ka pulasitiki yolimba kapena ka mkuwa kamene amakaika pakati pa zitsulo ziwiri zoyenda, kuti zisakhulane ndiponso kuti pasakhale mpata wogwedera. Amakapanga mwadala kuti kazitha ndiko m'malo mwa chitsulo chodula.

Pa magalimoto monga Toyota Hilux, ndodo ya giya imalowa mwachindunji pamwamba pa giyabokosi. Chapansi pake ili ndi mpira wachitsulo umene umakhala pa kampando ka mphira kapena ka pulasitiki, ndipo kunsonga kwake kumavala kachipewa ka pulasitiki kamene kamakankha zitsulo zosankha magiya. Pa magalimoto amene woyendetsa amakhala pamwamba pa injini, monga Mitsubishi Canter ndi Toyota Dyna, giyabokosi ili kumbuyo kutali ndi dzanja. Pamenepo ndodo imalumikizidwa ndi zingwe zachitsulo kapena ndi timitanda tachitsulo, ndipo m'malo olumikizirana muli mabushi. Mpata waung'ono pa mfundo iliyonse ukaphatikizana, dzanja limamva kugwedera kwakukulu.

Palinso mtsamiro wa giyabokosi, umene amakaniko amautcha mounting. Uwu ndi mphira wokhuthala womatidwa pakati pa zitsulo ziwiri, ndipo umanyamula mchira wa giyabokosi pa mtanda wopingasa pansi pa galimoto. Umameza kunjenjemera kwa injini ndi kuletsa giyabokosi kupotoka pamene injini ikukoka katundu.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu kuno ku Rufunsa

Boma lathu lino ndi la mapiri. Aliyense woyenda pa msewu wa Great East, kaya akupita ku Chongwe ndi ku msika wa Soweto mu Lusaka, kaya akutsikira ku mlatho wa Luangwa kudzera pa Manenekela, amadziwa zitunda ndi makona ake. Galimoto yolemedwa ndi matumba siitsika phiri ndi mabuleki okha. Mabuleki akapondedwa nthawi yaitali amatentha, ndipo akatentha mphamvu yake imachepa. Chimene chimagwira galimoto pa mtsetse ndi injini yokhala mu giya yotsika. Woyendetsa akachotsa giya yachinayi n'kulephera kupeza yachitatu, galimoto imatsala pa neutral, liwiro limakwera, ndipo giya yotsika imavutiratu kulowa. Pokwera chitunda, kuphonya giya kungachititse galimoto kubwerera chambuyo ndi katundu yense, pamodzi ndi anthu okhala pamwamba pa matumba.

Komanso misewu ya kumidzi kwathu imafulumizitsa kutha kwa mabushi. Mabampu amagwedeza mtsamiro tsiku ndi tsiku. Kutentha kwa mu Okutobala kumaumitsa mphira mpaka kung'aluka. Fumbi likalowa pa chikopa chong'ambika cha ndodo ya giya limasakanikirana ndi girisi n'kumapala pulasitiki ngati mchenga. Oyilo wodontha kuchokera mu injini kapena mu giyabokosi amafewetsa mphira wa mtsamiro kufikira utamatuka pa chitsulo.

Kuzindikira matenda musanagule mankhwala

Si vuto lililonse la magiya limene limachokera ku mabushi. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, zimitsani injini, lowetsani giya yachitatu, kenaka gwedezani ndodo kumanja ndi kumanzere. Kusuntha pang'ono n'kwachibadwa. Koma ngati ikuyenda momasuka ngati kuti ili pa neutral, mabushi a ndodo kapena a zingwe atha.

Ngati pali phokoso logunda pansi pa galimoto ponyamuka, kapena ndodo ikudumpha kwambiri mukaponda moto ndi pamene mwachotsa phazi, yang'anani mtsamiro. Tchingani mawilo ndi miyala kapena zipika, unikani ndi tochi, ndipo muone ngati mphira wang'aluka, waphwa, wanyowa ndi oyilo kapena walekana ndi chitsulo.

Ngati magiya onse akukukuta polowa, makamaka yoyamba ndi livesi, pamene injini ikulira, koma akulowa bwino injini itazima, vuto lili ku kilachi. Yambani ndi kuona mafuta ake. Ngati ikukukuta ndi giya imodzi yokha, kawirikawiri chatha ndi mphete ya m'kati yotchedwa synchro, ndipo imeneyo ndi ntchito yotsitsa giyabokosi. Bushi yatsopano siingachiritse matenda awiriwa.

Mphira kapena zolimba?

Anthu a magalimoto a mpikisano ku maiko a kunja amachotsa mabushi a mphira n'kuika olimba kwambiri, opangidwa ndi polyurethane, Delrin, mkuwa kapena aluminiyamu. Cholinga chawo n'chakuti giya izilowa msanga ndi mosaphonya, ndipo giyabokosi isasunthe konse pa liwiro lalikulu. Wogulitsa zipangizo angakuuzeni kuti cholimba ndicho chabwino koposa. Koma walira mvula walira matope: mtsamiro wolimba sumeza kunjenjemera, umakupititsa ku thupi la galimoto. Phokoso limachuluka, mabawuti amamasuka, ndipo pa misewu ya mabampu mphamvu imene mphira akanameza imakagwera pa mtanda ndi pa thupi la giyabokosi.

Uphungu wathu ndi uwu. Pa ndodo ya giya ndi kunsonga kwa zingwe, bushi yolimbirapo ikhoza kuthandiza, pakuti pamenepo palibe katundu wolemera, ndipo choipa chake n'kunjenjemera pang'ono m'dzanja. Pa mtsamiro wa giyabokosi ya galimoto ya pamunda, ikani wa mphira wofanana ndi umene inabwera nawo. Mukamasintha mtsamirowo onaninso mitsamiro ya injini, chifukwa imagwira ntchito pamodzi. Watsopano pakati pa yotha sukhalitsa.

Tikudziwa kuti ambiri amadula tayala lakale kapena kumanga ndi waya ndi malegeni. Zimenezi zingakufikitseni kunyumba, koma musanyamule nazo zokolola pa mapiri. Pokagula, tengani bushi yakaleyo ndi nambala ya chassis, popeza magalimoto a dzina limodzi amasiyana malinga ndi chaka ndi mtundu wa giyabokosi.

Kasinthidwe kake

Pa ma Hilux ambiri akale, ntchito ya ndodo imachitikira m'kati mwa galimoto. Ikani pa neutral, chotsani mutu wa ndodo ndi zikopa zophimba. Pansi mudzapeza chivundikiro chachitsulo chimene chimamasuka mukachikanikiza n'kuchizunguza chakumanzere. Pukutani fumbi musanazule ndodo. Mukaizula, tolani zidutswa zonse mosamala kuti zisagwere mu giyabokosi, ndipo tsekani bowo ndi nsalu yoyera pamene mukutsuka ndodoyo. Ikani kampando ndi kachipewa katsopano, pakani girisi pang'ono, n'kubwezera zonse monga zinalili. Pa mphira gwiritsani ntchito girisi ya silicone, chifukwa girisi wamba imawononga mitundu ina ya mphira. Chikopa chong'ambika chisinthidwe tsiku lomwelo.

Pa Canter, mukapendeketsa mutu wa galimoto onetsetsani kuti chochirikiza chake chagwira musanalowetse thupi lanu. Jambulani ndi foni mmene zingwe zalumikizidwira, ndipo musamasule manati osinthira kutalika kwa zingwe ngati simukudziwa kubwezera kwake.

Ntchito ya mtsamiro ndiyo yoopsa. Musalowe pansi pa galimoto yonyamulidwa ndi jeke yokha kapena yotsamira pa njerwa. Chirikizani giyabokosi ndi jeke, thabwa lili pakati, ndipo muikweze pang'ono chabe kuti mtsamiro upepukidwe. Mukaika watsopano, lowetsani mabawuti onse ndi dzanja, tsitsani giyabokosi kuti ikhale pamalo pake, kenaka mangani ndi sipanala. Ngati oyilo akudontherapo, konzani podonthapo. Amene sanagwirepo ntchitoyi aitane makaniko, iwo aime pambali kuphunzira. Safunsa anadya phula.

Mukatsiriza, lowetsani magiya onse injini itazima, kenaka yendetsani galimoto yopanda katundu pamalo athyathyathya. Patapita masiku angapo, yesaninso mabawuti.

Kuti mabushi atsopano akhalitse, musasanjike dzanja pa ndodo ya giya poyenda, musaikankhe mwamphamvu giya ikakana, ndipo musapyole mulingo wa katundu wolembedwa pa galimoto. Pa mtsetse, sankhani giya yotsika muli pamwamba, musanayambe kutsika.

Abale ndi alongo, galimoto ndi mphatso imene taikizidwa, monganso munda ndi ziweto, ndipo imanyamula miyoyo ya anzathu pamodzi ndi thukuta la chaka chonse. Tikukupemphani kuti sabata ino, chimanga chisanalowe m'matumba, aliyense akagwedeze ndodo ya giya ndi kuunika pansi pa galimoto yake. Ophunzira amene muli pano pasukulu, tidzachitira limodzi zimenezi pa vaneti yathu. Ambuye adalitse ntchito ya manja anu ndi kukusungani pa maulendo anu onse.